Makina Obedwa ndi Nyenyezi Zana

Lachisanu m'mawa, hafu pasiti seveni, Telala anatsegula shopu yake n'kupeza pawindo pali mbee. Makina osokera atsopano, opukusa ndi dzanja, amene anakhala pamenepo mwezi wathunthu atamangidwa riboni, panalibe. Loko anali bwinobwino. Galasi linali losasweka. Riboni yokha ndi imene inatsala, wina ataipinda mwaulemu n'kuiika pampando.

"Alamu," anaitana mayiyo. "Makina ali kuti?"

Mlamu wake, bambo wamkulu wandevu zake amene ankalondera shopu Telala akachokapo, analowa akutafuna chingamu.

"Atenga eni ake dzulo, folo koloko, inu muli kogula nsalu."

"Eni ake ati?"

"Amuna a wopambana uja. Anandionetsa pafoni, dzina la akazi awo lili pamwamba penipeni. Munthu waulemu kwabasi. Ndinawathandiza kunyamula mpaka pamsewu."

Telala anakhala pampando, pa riboni pomwepo.

"Alamu, wopambanayo amuna ake anamwalira zaka zitatu zapitazo."

Mlamu anasiya kutafuna.

Nkhani yake inali yotere. Kuwonjezera pa kusoka, Telala ankalemba bulogu pa intaneti, yophunzitsa anthu kudula nsalu ndi kuika zipi. Chaka choyamba ankangolankhula yekha. Anthu ankawerenga n'kuchoka osanena ngakhale zikomo. Ndiye anaikamo pulagini, kapulogalamu kakang'ono kopatsa owerenga nyenyezi: ndemanga iliyonse nyenyezi zisanu, ndipo owerenga ena akaikonda ndemangayo, nyenyezi zina zisanu. Mayina ankaoneka pamndandanda kuti aliyense aone amene akutsogola. Anthu amene anali duu chaka chonse anasanduka olongolola tsiku limodzi. Telala, mutu utakula ndi chisangalalo, analengeza kuti wotsogola pakutha pa mwezi alandira makina osokera.

Anapambana ndi mayi wina amene pabulogu ankadzitchula kuti Chala Chotupa, chifukwa ankasoka ndi singano yamanja. Mwambo wopereka mphatso unali mawa lake, Loweruka, leveni koloko, pashopu pomwepo, owerenga ataitanidwa.

Foni ya Telala inalira. Inali ndemanga yatsopano, yochokera kwa Chala Chotupa: "Sindikugona ndi chimwemwe. Ndavomera kale ntchito ya mayunifomu makumi atatu a ana a sukulu, podalira makina anga. Tionana mawa, achemwali."

Telala anaika foni pansi. Kutaya makina kunali kopweteka, koma kukamuyang'ana mayi ameneyu m'maso mawa n'kumuuza kuti palibe, zimenezo sakanatha. Anatenga chikwama chake, nagwira mlamu pamkono ngati mwana wothawa sukulu, ulendo wa ku polisi.

Naini koloko anali atakhala pabenchi pamaso pa Sajeni, bambo wonenepa wolankhula pang'onopang'ono, amene cholembera chake chinali chomangidwa ndi chingwe kutebulo.

"Munthuyo amaoneka bwanji?" Sajeni anafunsa mlamu.

"Ngati munthu, bwana. Si wamtali, si wamfupi."

"Anavala chiyani?"

"Malaya."

Sajeni anaika cholembera pansi. "Mwatithandiza kwambiri, bambo. Tikagwira onse ovala malaya." Anatembenukira kwa Telala. "Mayi, ndani ankadziwa kuti dzulo simukhalapo?"

Telala anayang'ana pansi. "Ndinalemba pabulogu."

"Kuti makina ali pawindo?"

"Ndinaika chithunzi."

"Kuti pashopu patsala alamu anuwa?"

"Ndinawatamanda kuti ndi munthu wofatsa."

"Chimene simunalembe ndi nambala ya nsapato zanu basi," anatero Sajeni. "Owerenga anu ndi angati?"

"Opitirira zikwi ziwiri. Onse amagwiritsa mayina ongopeka."

Sajeni anapumira m'mwamba. Anati nkhani zoterezi zimatenga milungu. Telala anati alibe milungu, ali ndi tsiku limodzi. Anapisa m'chikwama kufuna kansalu kopukutira thukuta, dzanja lake n'kugunda kachitsulo kozizira. Anakatulutsa, nakayang'ana, kenaka anayamba kuseka. Anaseka mpaka wapolisi wa pakhomo anasuzumira.

"A Sajeni, wakubayo watenga makina osasoka."

Kanali bobini ndi kachikombole kake, kachitsulo kosunga ulusi wapansi. Telala aliyense wochenjera amakachotsa pa makina oonetsera, chifukwa n'kakang'ono ndipo manja a anthu amayabwa. Popanda iko singano imakwera n'kutsika bwinobwino, makina amalira mokoma, koma nsalu imatuluka yosasokedwa.

"Ndiye?" anafunsa Sajeni.

"Ndiye pano akupukusa, akutuluka thukuta, sakudziwa chalakwika. Ndipo ngati ndi wowerenga wanga, ndikudziwa matenda ake. Anthu amenewa nyenyezi zinawalowa m'magazi."

Pabenchi pomwepo, foni ili pabondo, Telala analemba nkhani yaifupi: "Makina anu akukana kusoka? Funsani lero." Kenaka analowa mu pulagini n'kusintha manambala. Funso lililonse, nyenyezi makumi asanu. Funso lokhala ndi chithunzi, nyenyezi zana. Za kubedwa kwa makina sanatchule ngakhale pang'ono.

"Nyenyezizo amadya?" Sajeni anafunsa.

"Ayi."

"Amagulira kanthu?"

"Ayi. Amangoziona."

Sajeni anapukusa mutu, koma anakoka mpando wake kuti aone nawo.

Ndemanga zinayamba kugwa ngati mvula. Wina anajambula makina a agogo ake odzaza dzimbiri. Wina analibe makina n'komwe, anajambula sizasi n'kufunsa ngati chithunzicho chikuwerengedwa. Pofika wani koloko mafunso anali atapitirira zana, Sajeni atayamba kuwodzera, mlamu atatumidwa kukatsegula shopu kuti achite kanthu kothandiza. Telala maso anali akuwawa. Anayamba kuopa kuti mwina wakubayo anagulitsa kale makinawo dzulo lomwelo.

Itangokwana fili koloko, inafika ndemanga yochokera kwa munthu wodzitcha Mfumu ya Ndemanga. Telala ankalidziwa bwino dzinali. Mwezi wathawo linali lachiwiri pamndandanda, ndipo mwini wake ankalemba ndemanga pa chilichonse, ngakhale pa nkhani ya mabatani.

"Mnzanga wina wagula makina atsopano," inatero ndemangayo. "Singano ikuyenda koma ulusi sukugwira. Tithandizeni."

Pansi pake panali chithunzi. Munthuyo anali atatsegula kachitseko kapansi pa singano kuti aonetse m'kati. Malo a bobini anali pululu. Pambali pake panali kansalu kachikasu ka madontho ofiira, kamene Telala anakatsekera pamenepo kuti kazimwa mafuta odontha. Kanali kotsala pa diresi limene anavala tsiku limenelo.

Anagwedeza Sajeni, namuonetsa chithunzi, kenaka mkono wa diresi lake. Sajeni tulo tinathera pomwepo.

"Muyankheni mokoma," anatero.

Telala analemba: "Funso labwino kuposa onse lero. Mwapambana nyenyezi zina zana, komanso makaniko wathu abwera kudzakonza makinawo ulere mawa m'mawa. Tiuzeni kumbali komwe akupezeni."

Sipanathe mphindi zisanu. Mfumu ya Ndemanga inatumiza uthenga wamseri: nyumba yachitatu kuseri kwa malo ochapira magalimoto, chitseko chobiriwira. Inawonjezera kuti nyenyezi zana zijazi sizinaonekebe.

Loweruka, eiti koloko, Sajeni anafika atavala ovolosi yobwereka imene inakana kutsekeka pamimba. Ananyamula bokosi la zitsulo lokhala ndi sipanala imodzi ndi unyolo wa m'manja. Apolisi awiri anatsala m'galimoto pakona. Telala anaumirira kupita nawo ngati wothandizira makaniko. Pabulogu sanaikepo nkhope yake, zithunzi zonse zinali za manja ake ali pantchito, choncho panalibe womudziwa.

Chitseko chobiriwira anatsegula ndi bambo woonda, wa tsitsi lopesa bwino, foni ili m'manja. Si wamtali, si wamfupi, ndipo anavaladi malaya. Anawalonjera mwaulemu wonse. Pabalaza, pakati pa wailesi ndi maluwa apulasitiki, makina anali patebulo akunyezimira. Mkazi wake anatuluka kuchipinda akumwetulira.

"Amuna anga anapambana pa intaneti," anatero monyadira. "Mwezi wonse samandilankhula, ali pafoni. Ndinkadandaula, koma taonani."

"Makinawa ndi a mnzanga," bamboyo anatero msangamsanga.

"Mnzanu uti? Munati mwapambana inuyo."

Sajeni anawerama pa makina, nawagogoda ndi sipanala, naika khutu ngati dokotala. Anapukusa gudumu mobwerera m'mbuyo, Telala n'kutseka maso ndi ululu.

"Matenda aakulu," anatero Sajeni. "Mayi, tayesani inu."

Telala anakhala pansi. Anatulutsa bobini m'chikwama, naikankhira m'malo mwake, inamveka kuti tcha. Anakoka ulusi, naika kansalu, napukusa. Mzere unatuluka wowongoka bwino.

Mkazi uja anaomba m'manja. Mwamuna wake sanaombe. Maso ake anali pa zala za Telala, pa mphete yasiliva ndi kachipsera ka pachala chachikulu.

"Manja amenewa ndimawadziwa," anatero chapansipansi.

"Mwawalembera ndemanga zoposa mazana anayi," Telala anayankha. "Muli bwanji, a Mfumu?"

Bamboyo anayang'ana chitseko. Sajeni anali ataima kale pamenepo, ndipo ndi thupi lakelo panalibe mpata wodutsa ngakhale mphaka. Anatsegula bokosi la zitsulo n'kutulutsa unyolo.

"Ndine wapolisi, bambo. Mwamangidwa pa mlandu wotenga katundu mwachinyengo."

"Makinawa anayenera kukhala anga," bamboyo anatero. "Ndinalemba kuposa aliyense. Mayi ujayo analemba zochepa, anthu n'kumangozikonda. Chilungamo chimenecho?"

"Iye amalemba zothandiza anthu," anatero Telala. "Inu mumalemba kuti 'Zoonadi' kasanu patsiku."

Mkazi wake anali atagwira m'chiuno. "Ndiye ndaitana alongo anga onse kuti adzaone katundu wakuba? Tengani, bwana. Mukamusungeko, mwina foni ikapuma."

Ali m'galimoto, Telala makina ali pamiyendo, Sajeni anakhosomola.

"Mayi, pali kanthu kamodzi. Makinawa ndi umboni. Akhala ku polisi mpaka mlandu uweruzidwe."

Telala anakumbatira makinawo. "A Sajeni, leveni koloko munthu akubwera ndi nsalu za mayunifomu makumi atatu."

"Lamulo si langa."

Anafika pageti la polisi. Sajeni anakanda m'mutu, nayang'ana khonde lalitali la ofesi yawo, pomwe panali tebulo losagwiritsidwa ntchito.

"Lamulo likuti makina akhale pano," anatero pang'onopang'ono. "Silinanene kuti asasoke."

Choncho mwambo wopereka mphatso unachitikira pakhonde la polisi. Mlamu anaima pashopu n'kumalozera owerenga njira, ndipo ntchito imeneyo anaigwira bwino. Anthu anabwera oposa makumi awiri, akudziwana koyamba, akufunsana mayina awo apabulogu n'kumaseka. Lolemba wakuba uja anavomera mlandu, khoti linamulamula kugwira ntchito yosesa pamsika miyezi isanu ndi umodzi, ndipo makina anamasulidwa tsiku lomwelo. Koma za kukhoti Telala sazikumbukira kwenikweni. Chimene chinamukhala mumtima ndi Loweruka lija.

Chala Chotupa anafika atasenza mtolo wa nsalu zabuluu. Anali mayi wamng'ono thupi, wamanyazi, wosiyana ndi mmene ankalembera. Atamva zonse anagwira pakamwa, kenaka anamukumbatira Telala. Anakhala patebulo, napukuta manja pa diresi kawiri asanakhudze makinawo. Telala anamuonetsa poika nsalu ndi mogwirira chopukusira.

Mayiyo anapukusa mwamantha, kenaka mwamphamvu. Makina analira khonde lonse. Msoko wa m'mbali mwa siketi unatha anthu asanamalize n'komwe kutulutsa mafoni awo. Anadula ulusi, nakweza siketiyo, naikoka uku ndi uku kuti aone ngati yagwiradi. Inagwira.

"Msoko uwu pamanja umanditengera masana onse," anatero, misozi ili m'maso, akuseka. Anatembenukira kwa Telala. "Achemwali, ndiye masana ano ndizichita chiyani?"

Sajeni anamuikira patsogolo nsalu yachiwiri.