Milifoyi wa Kashuga

Kashuga anali mtsikana wamng'ono. Ankakonda zotsekemera, n'chifukwa chake ankamutcha Kashuga. Koma tsiku lina shuga sanamusangalatse. Amayi ake ankadwala, ndipo sankadya.

"Idyani pang'ono, Amayi," anatero Kashuga.

"M'kamwa mukuwawa, mwanangu," anayankha Amayi.

Kashuga anamva chisoni. Anathamangira kwa Bambo ake kukhitchini. Bambo ankagwira ntchito yophika makeke.

"Ababa, tiwaphikire chiyani Amayi?"

"Tiphike milifoyi," anatero Bambo.

"Mili chiyani?"

Bambo anaseka. "Milifoyi. Ndi mawu a Chifalansa. Amatanthauza masamba chikwi. Ndi keke yopyapyala ngati masamba osanjikiza. Pakati timapaka kirimu, kapena jamu."

Bambo anakanda ufa. Anaika batala pakati. Kashuga anaufutukula ndi botolo, kenako anaupinda.

Koma Kashuga anali ndi phuma. Anapinda, anapindanso, osapumira. Manja ake anatentha. Batala anasungunuka. Ufa unamata m'zala, unamata patebulo, unamata ngakhale pamphuno!

"Ndawononga!" analira Kashuga. "Amayi sadya!"

"Sunawononge," anatero Bambo. "Batala amadana ndi kutentha. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anaika ufa uja mufiriji. Kashuga anaviika manja m'madzi ozizira. Anadikira. Koma kudikira kumawawa, inu!

"Ababa, nthawi yakwana?"

"Ayi."

"Nanga pano?"

"Iwe, ukhale pansi!"

Kenako nthawi inakwana. Kashuga anafutukula, anapinda, anaika mufiriji. Anafutukulanso, anapindanso, anaikanso mufiriji. Anachita zimenezi kasanu n'kamodzi.

Bambo anaika ufa mu uvuni. Unafufuma. Unafiira. Fungo linadzaza nyumba yonse.

Keke itazizira, Kashuga anapaka kirimu pakati. Anadula kachidutswa. Anayenda pang'onopang'ono kupita kuchipinda, mbale ili m'manja.

"Amayi, lawani. Ndapinda ndine."

Amayi anayang'ana kekeyo. Anayang'ananso Kashuga, ufa uli mbuu kumaso. Analuma pang'ono. Kukutu! Nyenyeswa zinagwera pabulangete.

Kashuga anawayang'anitsitsa.

Amayi analumanso. Analumanso. Mbale inatsala yopanda kanthu.

"Kashuga," anatero Amayi, akunyambita chala, "kodi yatsalako ina?"

Kashuga anadumpha ndi chimwemwe. "Ababa! Bweretsani yonse!"