Simenti M'mabowo a Mpanda

"Uwu si mpanda amayi, ndi sefa. Ine ndamanga nyumba zosanjikizana ku Daejeon zaka makumi awiri, ndiye musandiphunzitse kuunjika miyala."

Amene ankalankhula choncho ndi mkamwini wanga, a Kwon Tae-gon, ataima m'munda wa manachesi manja ali m'chiuno ngati chilumba chonse cha Jeju n'chawo. Ine ndinali pamwala ndikusenda adyo. Sindinadzutse ndi mutu womwe.

"Ku Daejeon kwanuko mphepo iliko?" ndinafunsa. "Kapena mukunena ija ya fani ya muofesi?"

Mwana wanga Ok-ja, amene anakatola mwamunayu kumtunda, kumzinda wa Daejeon, n'kubwera naye kuno kuchilumba, anandigwira paphewa. "Amayi, chonde."

"Chonde chani? Kufunsa n'kulakwa?"

Mkangano wonsewu unali wa mdzukulu wanga Ye-rim, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu. Atasamukira kuno ndi makolo ake zaka zinayi zapitazo, ndinamupatsa kachigawo ka munda kakunyanja. Anadzalapo mitengo makumi atatu ya manachesi ndi manja ake, ndipo chaka chino ndi pamene inayamba kubereka. Akaweruka kusukulu ankathamangira kumeneko yunifolomu ili m'thupi. Tsiku lina anapeza timanachesi tina tili ndi zipsera pamakoko, mphepo itatikwechesa kunthambi. Analira ngati kwagwa maliro. Bambo ake poyang'ana anaona mpanda wa miyala yakuda, uja anaunjika apongozi anga opanda dothi kapena simenti, kuwala kukulowera m'mabowo. Basi wolakwa anapezeka.

Madzulo ake Ye-rim anabwera kukhitchini kwanga. Kunyumba kwathu bwalo ndi limodzi koma aliyense amaphika zake, ndipo ndi chifukwa chake sitinaphane.

"Agogo, mabowo aja ali ndi ntchito?"

Yankho ndinali nalo. Mphepo yakuno ikapeza bowo imadutsa itagawikagawika, n'kukafika kumitengo itatopa. Ikasowa podutsa imakankha. Mwana aliyense wobadwira kuno amadziwa zimenezi asanadziwe kupukuta mamina. Koma mawu aja oti ndisawaphunzitse anali adakandiwotcha pachifuwa.

"Kafunse katswiri wa ku Daejeon," ndinatero. "Ine sukulu sindinaione. Ndimangodziwa kumira m'nyanja n'kutola nkhono."

Anatembenuka n'kutuluka.

Sabata ziwiri zathunthu bambo ndi mwana wake anakhalira kumata mabowo aja ndi simenti. Dzuwa la Ogasiti likuswa mtengo, iwo wilibala pitepite. Ye-rim manja anachita kusupuka. Anthu odutsa ankaima n'kuyang'ana, kenako n'kundiyang'ana ine. A Yang Deok-bae, mkulu wina mwini munda woyandikana nafe, anandinong'oneza kuti, "Mayi a Ok-ja, simuwauza?"

"Ndiwauze ndine ndani? Anthu ophunzira."

Mpanda unatha. Unali wosalala ngati khoma la chipatala, ndipo a Kwon anaujambula pafoni n'kutumizira abale awo.

Mwezi wotsatira wailesi inayamba kunena za namondwe wochokera kum'mwera. Ife omira m'nyanja tinasiya kulowa m'madzi. Padoko mabwato anawamanga zingwe ziwiriziwiri. Mpweya unali wolemera, agalu osakhazikika, nanenso ndinkangotuluka ndi kulowa osadziwa chimene ndikufuna. Ye-rim ndiye anali ngati nkhuku yofuna poikira: kumunda, kunyumba, pafoni, kumundanso. Kawiri konse anafika pakhomo panga.

"Agogo, ulimba eti?"

"Simenti yonse ija? Afunseni eni ake."

Ndisaname, ulendo wachiwiriwo pakamwa panga panatsala pang'ono kutseguka. Nyundo inalipo, tsiku lathunthu linalipo, tikanatha kuboola malo angapo. Koma ndinaona a Kwon pabwalo akuimba mluzu, ndiye ndinameza.

Namondwe anafika m'mawa. Mvula inkabwera chopingasa, yamchere. Ok-ja anatsekera Ye-rim m'nyumba chifukwa ankafuna kuthamangira kumunda. Chakumasana tinamva chimkokomo chimodzi, pansi n'kunjenjemera. Palibe anafunsa kuti n'chiyani.

Kutacha tinapita tonse. Mpanda sunagumuke mwala umodziumodzi monga umachitira wakale. Unagwa wonse pamodzi ngati chitseko, n'kugonera mizere iwiri ya mitengo. Imene inatsala mphepo inaipeza poyera n'kuikulula zipatso. Pansi panali timanachesi tobiriwira mbwee, tosakwana ndi dzira lomwe. Mitengo khumi ndi isanu ndi iwiri inali itathyokera patsinde. Tsidya linalo mpanda wa a Yang unali chiimire, mabowo ake ali penyaa, utangotaya miyala itatu yapamwamba.

A Kwon anakhala pansi m'matope. Ok-ja anawayamba pomwepo. "Bambo a Ye-rim, si ndinakuuzani kuti mufunse kaye anthu?"

"Unandiuza liti?"

"Ndinakuuzani ndi maso."

Ine mtima unali kuyabwa. Ndinadikira mwezi wathunthu kuti ndinene mawu awa. "Akatswiri," ndinatero, "tajambulaninso, abale anu aone. Mphepo imafuna njira. Mukaitsekera imadzitsegulira yokha. Ngakhale mbuzi yakuno ikudziwa."

Ndinkayembekeza kuti a Kwon ayankha kuti tiyambane bwinobwino. Amene anatembenuka ndi Ye-rim. Anali atanyamula nthambi yothyoka, ndipo sankalira.

"Ndiye munkadziwa, agogo?"

"Kuyambira kalekale."

"Ndinakufunsani katatu."

"Iwe, bambo ako anati ndisawaphunzitse."

"Amene anafunsa ndi bambo kapena ine?" Anaika nthambi ija pansi pang'onopang'ono. "Bambo analakwitsa akufuna kundithandiza. Inu mumafuna chani?"

Ndakangana ndi anthu zaka makumi asanu ndi awiri. Ndinagonjetsa apongozi anga, alamu anga atatu ndi mkulu wa padoko. Tsiku limenelo ndinangotembenuka n'kubwerera kukhitchini kwanga.

Loweruka lake Ye-rim anakagogoda kwa a Yang. Mkuluyo anabwera ndi ndodo yake n'kukhala pamwala wanga uja. Mwanayo ankaswa simenti ndi nyundo, bambo ake akututa miyala, a Yang akuloza. "Waukulu pansi. Uzunguze mpaka ukhale wokha. Ayi a Kwon, pamenepo musatsekepo, siyani pomwepo." Ndipo a Kwon, munthu wa nyumba zosanjikizana, ankangoti, "Chabwino, bambo." Ndinkaonera ndili patali ndikunamizira kuyanika tsabola. Mwanayo dzanja ali nalo. Akaika mwala amaugwedeza kaye, kenako amawerama n'kusuzumira ngati nyanja ikuoneka.

Mitengo khumi ndi itatu yatsala, ndipo ina yayamba kuphuka. Ok-ja anakhala masiku atatu osalankhula ndi mwamuna wake, lachinayi ndinawamva akuseka. A Kwon masiku ano amandipatsa moni mpaka kuwerama, ndipo dzana anandifunsa kuti mphepo ya m'nyengo yozizira imachokera mbali iti. Ndinawauza zonse, zina osafunsidwa.

Koma Ye-rim, ino ndi sabata yachinayi. Akamadutsa pakhomo panga amaweramitsa mutu mwaulemu, pakamwa ali chitsekere. Dzulo ndinamira kasanu kuti ndipeze nkhono zazikulu, ndinamuphikira phala lake lija amalikonda, n'kukasiya pakhonde pawo. Mbale inabwerako yotsukatsuka. Amene anaibweretsa ndi mayi ake.