Wosenza Mlatho

Anthu ankamutcha Chigamba chifukwa ntchito yake inali yomata zigamba pamisewu. Maenje akachuluka, madalaivala n'kuyamba kutukwana pawailesi, boma linkaitana makontirakitala ang'onoang'ono kuti akathiremo phula, ndipo iye anali mmodzi wa iwo. Kampani yake yonse inali lole yakale yosalira popanda kuikankha, mawilibala, mafosholo, ndi mng'ono wake, mwamuna wa mapewa otambalala amene ankanyamula matumba awiri a simenti uku akuimba.

Kunyumba kwake mvula ikagwa ankasuntha bedi. Mkazi wake ankasoka zovala za anthu pakhonde, ndipo makina osokerawo ndi amene ankaphunzitsa mwana wawo wamkazi kusukulu ya unamwino. Koma denga lodontha silinkamupweteka Chigamba ngati mmene ankamupwetekera mlamu wake, mlongo wa mkaziyo. Awiriwa anayambira limodzi ntchito ya maenje, koma tsopano mlamuyo anali ndi makina ogumula mapiri ndi galimoto ya magalasi akuda. Akakumana pamsewu, ankangotsitsa galasi pang'ono, n'kunena kuti, "Alamu, mukumatabe?"

Chaka china boma linalengeza kuti likonzanso misewu ikuluikulu ndi milatho yonse ya m'chigawo chawo. Ndalama zina zinali za ngongole yakunja, zina za msonkho wa pamafuta. Makontirakitala onse anaitanidwa ku likulu la nthambi yoona za misewu. Pakhoma anapachika mapu aakulu: mizere yofiira inali misewu, timadontho takuda tinali milatho. Chigamba anakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, akuyang'ana timadonthoto ngati wanjala pawindo la lesitilanti. Injiniya wamkulu pomaliza anati amene alibe makina asavutike kuwononga mapepala. Anthu anaseka. Potuluka, mlamu uja anamugwira paphewa.

"Musadandaule, alamu. Ndikapata wanga mlatho, mudzabwera kudzatchetcha udzu m'mbali."

Mawuwo anagona nawo, anadzuka nawo. Ndiye tsiku lina, akumatitsa tayala la lole yake, womata matayala anamuuza monong'ona kuti kuseri kwa shopuyo kuli chipinda, ndipo m'chipindamo muli mkulu wina, sing'anga, amene amawongola zinthu.

Chigamba ankayembekeza kupeza zikopa ndi nsupa. Anapeza chipinda chosesedwa bwino, fani ikuzungulira, ndi bambo wochepa thupi wovala magalasi, akuwenga zikhadabo. Patebulo panali beseni la madzi, pansi pake timiyala ta mumtsinje. Ngakhale kunja kunali dzuwa la masana, m'chipindamo munkanunkha chinyontho.

"Mwachedwa," anatero sing'angayo. "Anzanu anabwera boma lisanalengeze."

"Alamu anga anabwera?"

"Sindikamba za odwala anga. Mukufuna msewu kapena mlatho?"

"Mlatho."

"Mwasankha cholemera. Inu milatho mumaidziwa kuposa ine. Mlatho umaima pa chiyani?"

"Pa mizati."

"Mizatiyo?"

"Pa thanthwe, pansi pa mtsinje."

"Imeneyo ndi milatho ya anthu ena. Yanu idzaima pa munthu."

"Kupha ayi, sindingathe."

"Ndani wanena za kupha? Ine magazi amandichititsa nseru. Mudzangotenga chovala chimene chamwa thukuta lake, n'kuchiponya m'konkire ya mzati woyamba. Mwiniwakeyo adzakhala pakhomo, adzadya, adzagona. Kungoti adzasenza."

"Munthu aliyense?"

"Wokukondani. Munthu wokudani sangakusenzereni katundu, amautula panjira."

"Adzasenza mpaka liti?"

Sing'angayo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mlatho mumaumanga kuti ukhale mpaka liti?"

Chigamba anaganiza za mapewa a mng'ono wake, ndipo anadziuza kuti munthu wotero sangamve n'komwe. Sing'anga anapisa dzanja m'beseni, n'kumupatsa kamwala kamodzi koti akaike kunsi kwa lilime popereka mapepala ake. Atafunsa za malipiro, mkuluyo anabwerera ku zikhadabo zake.

"Ine ndimalipidwa kwina."

Mayina a opambana atatuluka, anthu anadabwa. Mlatho wa pamsewu wopita kumigodi, umene makampani akuluakulu ankalimbirana, unagwera Chigamba. Banki imene kale inkamuimika pamzere inamuitanira m'chipinda cha makapeti. Makina anabwereka, antchito analemba. Atafika kunyumba ndi nkhaniyo, mkazi wake anaimitsa makina osokera.

"Ndapambana tenda, mayi."

"Tenda imodzi ndi yabwino, bambo. Zikachuluka paja timati matenda."

Anaseka onse, ndipo mng'ono uja anamunyamula mkulu wake m'mwamba ngati mwana.

Tsiku lothira konkire ya mzati woyamba, kunatentha kwambiri. Mng'onoyo anavula malaya, n'kuwapachika pachitsulo. Chigamba anawatenga ngati akuwasuntha, n'kuwaponya m'dzenje. Konkire inawakwirira. Madzulo mng'onoyo anawafunafuna, kenako anangoti, "Asiyeni, achimwene, tsopano ndife olemera, mudzandigulira ena."

Mlatho unatha msanga, wokongola, wosapezeka chilema. Chigamba anamanga nyumba yosanja ya matailosi, anagula galimoto yoposa ya mlamu wake, ndipo anaphunzira kutsitsa galasi pang'ono. Koma sabata imene malole a kumigodi anayamba kuwoloka, mng'ono wake anayamba kudandaula msana. Poyamba ankaseka, ati ukalamba wamupeza msanga. Kenako anasiya kuimba. Khosi linalowa m'mapewa, msana unapindika, ndipo ankayenda ngati wasenza chinthu chimene ena sakuchiona. Madokotala anamujambula paliponse, osapeza kanthu.

Chigamba anamupatsa chipinda chapansi m'nyumba yatsopanoyo. Tsiku lina atalowa kukamuona, anapeza mapazi ake ali ozizira, a khungu lofota ngati a munthu amene wakhalitsa m'madzi, pamene pansi panali pouma. Akucheza, mng'onoyo anatseka maso mwadzidzidzi, analuma mano, mitsempha ya m'khosi n'kutuluka. Patapita kanthawi anapuma.

"Yadutsa," anatero. "Imeneyi inali ndi ngolo ziwiri. Achimwene, bwanji ndimamva malole m'mafupa mwangamu?"

"Ndi malungo, mphwanga."

"Mwina. Koma musadandaule za ine. Inu gwirani ntchito, banja lonse likuyang'ana inu."

Chigamba anatuluka, n'kukasanza kubafa. Koma mwezi womwewo boma linatulutsa gawo lachiwiri la ntchito, ndipo pamapu panali kadontho kena, mlatho wolowera mumzinda. Anabwerera kuchipinda cha kuseri kwa matayala, ali ndi mpango wa m'thumba umene mlamu wake anaiwala pamsonkhano.

Sing'anga sanaukhudze n'komwe. "Mukufuna mlatho ugwe tsiku lotsegulira? Ndinati wokukondani. Walira mvula walira matope, bwana."

Chigamba anayesa kudziletsa. Koma anamva kuti mlamuyo akuufunanso mlatho womwewo, ndipo m'mawa wina anatenga duku imene mkazi wake ankavala posoka. Mlathowo unagwera iye, ndipo dukuyo inakwiririka m'konkire ya mzati woyamba.

Tsopano m'nyumba yosanja ija munali zipinda ziwiri zobuula. Cha mng'ono chinkabuula malole a kumigodi akamadutsa. Cha mkazi chinkayamba m'mamawa, anthu akamalowa mumzinda, n'kudzayambanso madzulo akamaweruka. Antchito a pakhomo ankakolopa madzi pansi pa mabedi, osadziwa kumene akuchokera, ndipo mmodzimmodzi anasiya ntchito. Chigamba ankakweza wailesi, koma kubuulako kunkadutsa m'makoma. Akakhala patebulo la komiti, akuluakulu akukambirana za bajeti ya gawo lachitatu, iye ankamva fungo la chinyontho pa jekete lake.

Mwana wawo anasiya sukulu kudzasamala amayi ake ndi abambo ake aang'ono. Ankawatembenuza, kuwapukuta mapazi, kuwamwetsa. Akatha, ankapita kwa abambo ake ndi kapu ya tiyi.

"Adadi, inunso mwaonda. Musadzipanikize, ndilipo ine."

Mng'ono uja anamwalira mvula zoyamba zitangoyamba. Anafa chogwada pambali pa bedi, manja atatambasulira m'mwamba, ndipo osambitsa maliro analephera kuwongola zigongono zake. Asanaikidwe n'komwe, foni inalira: mzati woyamba wa mlatho wa kumigodi wachita mng'alu.

Chigamba anathamangira kwa injiniya wamkulu kukapempha kuti mlathowo autseke. Injiniyayo anakana. Anati obwereketsa ndalama akubwera kudzayendera ntchito, ndipo akamva kuti mlatho watsopano watsekedwa, gawo lachitatu lonse lifera m'mazira. "Kamateni mng'aluwo mwakachetechete," anatero. "Paja kumata ndi ntchito yanu."

Kwa sing'anga yankho linali lalifupi. "Wosenza akatopa, pamafunika womulandira. Pamlathopo pamadutsa mabasi."

"Ndatsala ndi mwana yekha."

"Ndiye muli naye."

"Palibe njira ina?"

"Ilipo. Lamulo likuti munthu wokukondani. Ine sindinaonepo munthu wokukondani kuposa inu mwini. Vulani malayawo, ndi onyowa kale ndi thukuta."

Chigamba anagwira batani loyamba. Anakumbukira zigongono za mng'ono wake, ndi khosi lolowa m'mapewa. Anakumbukiranso kuti mlatho waukulu kuposa yonse, wa gawo lachitatu, unali pafupi kugwera iye. Dzanja linatsika lokha. Sing'anga anamwetulira.

Masana a tsiku lotsatira, mwana uja ali kukhitchini, Chigamba analowa m'chipinda cha mkazi wake. Pampando panali juzi ya mwanayo, imene ankavala posamala odwala. Anaitenga, n'kuipinda mwamsanga.

"Mukupita nayo kuti?"

Ankaganiza kuti mkaziyo wagona. Koma mayiyo anali maso, tsaya lili papilo, akumuyang'ana cham'mbali chifukwa khosi silinkatembenuka.

"Ndikufuna akaichape."

"Duku yanga munakachapanso? Malaya a mng'ono wanu aja, amene anasowa tsiku la konkire?" Anapuma movutika, kudikira kuti china chake chidutse. "Ndakhala ndikugona pano ndikumva magalimoto pamsana panga, ndikudziuza kuti mwamuna wanga sangatero. Ndimakuikirani kumbuyo ngakhale kwa mtima wanga womwe. Bambo, ndiyang'aneni. Mwanayunso?"

Pakhomo la chipinda panali pataima mwana uja, mbale ili m'manja. Anali atamva zonse.

Zimene zinachitika kenako anaziona ndi maso ake. Nkhope ya mkazi wake inazizira, ngati nyumba imene azimitsamo nyale. Anamuyang'ana monga mmene munthu amayang'anira mlendo wa m'basi. Ndiye msana uja unayamba kuwongoka. Mafupa analira, khosi linatuluka m'mapewa, ndipo mayiyo anatsitsa mapazi pansi, n'kuimirira, wowongoka ngati kale.

"Ndatula," anatero.

Mwanayo anaika mbale pansi, anasolola juzi yake m'manja mwa abambo ake osawayang'ana kumaso, n'kugwira amayi ake padzanja. Sanatenge kanthu m'nyumbamo koma makina osokera.

Chigamba anayendetsa galimoto ngati wamisala kupita kuseri kwa matayala, malaya atavula kale. Anapeza chipinda chili pululu, mulibe tebulo, mulibe fani, pansi pali chinyontho chokha. Womata matayala anati mkuluyo wasamukira kuchigawo china kumene boma likufuna kumanga madamu.

Mvula inagwa sabata yonse. Mlatho wa mumzinda unatitimira mbali imodzi, apolisi n'kuutseka anthu asanavulale. Wa kumigodi sunadikire. Unathyoka pakati masana, basi ili pamwamba, ndipo mtsinje unabweza mitembo kwa masiku ambiri. Obwereketsa ndalama anaimitsa zonse. Misewu imene inali itakumbidwa inatsala yokumbidwa, ndipo midzi ya kutsidya inabwerera ku mabwato. Akatswiri anaboola mizati kufuna chifukwa, napeza simenti yabwino, zitsulo zokwanira, ndi nsanza yowola imene sanaimvetse. Banki inatenga nyumba, makina ndi galimoto.

Apolisi atapita kukamugwira, sanamupeze kunyumba. Anamupeza kumtsinje, pansi pa chigumuka cha mlatho wa kumigodi, ataima m'madzi ofika m'chiuno, manja ali m'mwamba, miyendo ikunjenjemera. Pamwamba pake panalibe kanthu koma thambo. Atamukoka anakuwa kuti amusiye, basi ikubwera. Khoti linati munthu wotere sangazengedwe mlandu, ndipo kuchipatala cha amisala anathawako kangapo, nthawi zonse kubwerera pamalo omwewo, mpaka anthu anatopa naye. Opalasa mabwato amamulambalala. Ena amamuponyera chakudya, koma sachigwira, chifukwa sangatsitse manja.

Chuma chobwera ndi zizimba chimadya kaye amene amakukonda, chifukwa ndi okhawo amene amaima pafupi. Chigamba anali ndi mng'ono womuimbira pantchito, mkazi womuseketsa, ndi mwana womufunira zabwino, koma anaziona ngati umphawi chifukwa maso ake anali pagalimoto ya mnzake. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Munthu adye za thukuta lake, ngakhale zichepe. Dyera likakukweza pamsana pa abale ako, tsiku limene adzatule palibe amene adzakuwakhe.