Tulo Tachiwiri ta Mkazi wa a Ufa

Madzulo amenewo anali ngati ena onse. A Ufa anadya, nasamba m'manja, nakagona dzuwa litangolowa. Dzinali anthu anawapatsa chifukwa ankagwira ntchito yophika buledi, ndipo ufa sunkachoka m'nsidze mwawo ngakhale asambe chotani. Ntchito yawo inkayamba atambala asanalire, choncho ankagona pamodzi ndi nkhuku.

Mkazi wawo ankaluka tsitsi pa saluni ya m'mbali mwa msewu. Nsanje yake inali yoti ngakhale ntchentche itere pa malaya a mwamuna wake, ankafuna kudziwa ngati ndi yaikazi. Foni ankaifufuza. Malaya ankawanunkhiza. Chimene ankapeza ndi ufa basi. Wina akanathokoza Mulungu, koma iye ankati wakuba wochenjera ndi amene sasiya mapazi.

Chinkamudya mtima n'chimodzi. Usiku uliwonse, alamu itatsala pang'ono kulira, a Ufa ankaseka kutulo. Kuseka kofewa kuja, kumene ankamusekera iye ali pachibwenzi. Masana panali patapita zaka osakumva.

"Chimakusangalatsani n'chiyani kutuloko?" anafunsa usiku umenewo atadzuka.

"Amayi, ine ndikadzuka sindikumbuka kanthu. Mwina ndimalota atikwezera malipiro."

"Malipirowo amavala siketi?"

A Ufa anangomanga zingwe za nsapato napita.

Kutacha, ku saluni kunabwera namwino wina wolongolola kudzalukitsa. Iyeyu ndiye anautsa mapiri pachigwa.

"Asisi, munthu ukhoza kulota uku ukudziwa kuti ukulota, n'kumapita kumene ukufuna. Nkhani yagona pa nthawi. Tulo toyamba n'tolemera, n'ta thupi, mulibe zambiri. Maloto enieni amabwera kumapeto, tulo tikayamba kupepuka. Ndiye umagona kaye mpaka thupi likhute, alamu ikudzutse, ukhale maso pang'ono mumdima, kenako ugonenso uku ukunena mumtima kuti ndikalota ndidziwa. Ukakayika, werenga zala. Kumaloto sizikwana bwino."

"Nanga m'maloto a munthu wina ungalowemo?"

Namwinoyo anaseka mpaka chipeso chinagwa. "Zimenezo kulibe, asisi. Mutu uliwonse uli ndi chitseko chake."

Koma wansanje ukamuuza kuti kulibe, iye amamva kuti akubisira.

Anayamba usiku womwewo. Ankagona mochedwa monga mwa masiku onse, alamu n'kumudzutsa m'bandakucha, a Ufa atapita kale. Ankakhala pabedi kanthawi, n'kugonanso. Masiku oyamba ankangodzuka ndi mutu waching'alang'ala. Kenako tsiku lina anapezeka ataima m'khitchini mwake, mpopi ukutulutsa madzi opanda phokoso. Anayang'ana dzanja. Zala zinali zisanu ndi ziwiri.

"Ndikufuna kumene amapita mwamuna wanga," anatero.

Pamene panali kabati panatseguka kanjira kakatali ka m'nyumba. Pansi panali mapazi a ufa. Anawatsata mpaka pa chitseko chobiriwira, nakankha.

Kachipinda kakang'ono. Tebulo. Mipando iwiri yogundana. Makapu awiri, nthunzi ikukwerabe. Pa kapu ina panali chidindo cha milomo yofiira. Anagwira mpando, wofunda. Munthu munalibe.

Usiku wotsatira, chimodzimodzi. Winanso, chimodzimodzi. Nsanje inamuwondetsa. Ankakoka tsitsi la makasitomala mpaka ena anasiya kubwera. Kenako tsiku lina, ali pakati poluka, manja anangouma. Anazindikira kuti ankachedwa! Tulo tachiwiri take tinkabwera kukucha, a Ufa ali kale kuntchito, manja m'ufa. Maloto awo ankabwera pakati pa usiku. Kuti awagwire, anayenera kugona pamodzi nawo.

Anasiya kasitomala mutu uli theka, natseka saluni.

A Ufa ataona mkazi wawo akulowa m'bulangete kunja kusanade bwino, nkhope inawala.

"Lero mwandisowa eti, amayi?"

"Gonani, abambo. Mawa ntchito."

Foni anaiika pansi pa pilo kuti ingonjenjemera. Itamudzutsa, anakhala tsonga mumdima. Kunja kunali zii. Kuwala kwa nyali ya pamsewu kunkalowa pa katani, kokwanira kuona nkhope ya mwamuna wake. Anadikira. Zikope za a Ufa zinayamba kugwedera, maso akuyendayenda mkati. Milomo inayamba kutambasuka.

Anagona msanga, natsinzina. Ndikalota ndidziwa. Ndikalota ndidziwa.

Kanjira kaja. Mapazi a ufa, ongopondedwa kumene. Kuseri kwa chitseko chobiriwira kunkamveka kuseka kwa anthu awiri.

Sanagogode.

A Ufa anali atakhala moyang'ana kukhomo, koma sanamuone. Maso awo onse anali pa mkazi amene anakhala nawo. Mkaziyo anali atafulatira. Anavala diresi yamaluwa achikasu, ndipo dzanja lake linali pa bondo lawo.

Diresi imeneyo ankaidziwa. Anaivala tsiku limene a Ufa anamufunsira. Inang'ambika kalekale, iye n'kuisandutsa chokolopera pansi.

"Iwe," anatero. "Chotsa dzanja lakolo."

Mkaziyo anatembenuka pang'onopang'ono.

Nkhope inali ya iye mwini, mkazi wa a Ufa. Kachipsera ka pachibwano kaja kanalipo. Chimene panalibe ndi khwinya la pakati pa nsidze.

"Mwafika," anatero mkaziyo mwaulemu. "Ndimati simudzasunga nthawi."

"Ndiwe ndani?"

"Ndine amene anakwatira abambowa. Inu munachita kubwera pambuyo."

Anafuna kumugwira pakhosi, koma miyendo inakana. Mkaziyo anakweza dzanja nayamba kuwerenga zala, chimodzichimodzi, mosapupuluma. Zisanu. Anamwetulira.

Mkazi wa a Ufa anayang'ana lake. Anawerenga, nawerenga. Zala sizinkatha.

Chapatali, ngati pansi pa madzi, alamu ya a Ufa inayamba kulira. Mpando wawo unatsala wopanda munthu. Mkazi wa diresi uja anaimirira, nakonza tsitsi, namudutsa pafupi mpaka mapewa kukhudzana. Anatuluka, nakoka chitseko.

Mbali yamkati chinalibe chogwirira.

Mkazi wa a Ufa anakuwa. Anadzitsina. Anadziluma dzanja kuti adzuke. Kenako anamva mawu akeake, kutali, kuchipinda kwake, akunena mokoma: "Dzukani abambo, ndakutenthetserani madzi."

Oyandikana nawo nyumba amati mkazi wa a Ufa anasintha tsiku limodzi. Safufuzanso foni. Amaperekeza mwamuna wake mpaka pageti akuimba. Makasitomala anabwerera, akuti dzanja lake linafewa. Azibambo ena amafunsa a Ufa kuti mankhwala ake anawapeza kuti.

Koma mayi wa nyumba yoyang'anana nawo, amene tulo timamuvuta, amanong'ona zina. Akuti mkaziyo akangodzuka kamodzi usiku, sabwereranso pabedi. Kaya kukuzizira, kaya akudwala, amakhala pakhonde maso ali gwa mpaka dzuwa lituluke. Tsiku lina anasinza pampando wa saluni, ndipo anadzidzimuka ndi mfuu yoti anthu anathamangira kumeneko.

A Ufa nawonso saseka kutulo masiku ano. Anauza mnzawo wa kuntchito kuti pali loto limodzi limene tsopano amalikumbuka. Amaima pa chitseko chotseka, ndipo mkati muli munthu akuchimenya ndi manja onse, akulira ndi mawu a mkazi wawo.

"Ndiye amati mumutsegulire?" anafunsa mnzawoyo.

"Ayi," anatero a Ufa. "Sanapemphepo zimenezo. Amangofunsa kuti wagona pambali panga pabedipo ndani."