Dzanja Lachiwiri pa Tchizulo

Moni nonse okondedwa owerenga. Ndiyamika Mulungu amene watisunga mpaka lero kuti tikambiraneko za m'mabanja mwathumu.

Panali mayi wina wojambula zithunzi, anthu ankangomutcha Nakamera. Ntchito yake inali kujambula anthu aluso ali pantchito: oumba, oimba ndi osema. Chilowereni m'banja, chaka ndi chaka ankajambula apongozi ake aamuna, mmisiri wosema ziboliboli. Nkhope ayi, manja okha, atagwira tchizulo.

Tsiku lina anapachika zithunzizo pachionetsero, motsatana ndi zaka. Anthu anaima nthawi yaitali pa chomaliza. Dzanja la mkuluyo linali litayamba matenda onjenjemera, ndipo pamwamba pake panali dzanja la akazi awo likuwongolera tchizulo. Amisiri anzawo anayamba kukodolana. Wina anaseka nati, "Kani masiku ano amasema ndi amayi?"

Mkuluyo, amene anali pomwepo, anatuluka osatsanzika.

Kunyumba, mwamuna wa Nakamera anamenyetsa chitseko mpaka makapu analira m'kabati.

"Wawavula bambo anga pagulu. Akuti m'shedi mwawo mosemera muja sagwiranso chitsulo. Ukapanda kukonza zimenezi, ulongedze."

"Abambo ake mwana, inetu ndinaonapo chikondi pamanja aja."

"Unawapempha?"

Nakamera anangoti zyoli. Sanapemphe. Chizolowezi chake chinali kulowa mwakachetechete ndi kujambula munthu asanadzikonze, poti akadzikonza chithunzi chimanama. Anaiwala kuti uyu sanali mmisiri chabe, anali mpongozi.

M'mawa mwake anakachotsa chithunzicho pakhoma napita nacho kushedi, mwamuna wake akumutsatira chapatali. Anapeza mkuluyo atakhala pakati pa utuchi, manja atawabisa m'khwapa. Anagwada pakhomo misozi ili chuchuchu.

"Bambo, ndakuchimwirani. Nachi, ching'ambeni nokha. Ndalephera kugona ndi manyazi."

Apongozi aakazi, amene analinso momwemo, ndi amene analandira chithunzicho, nachiyang'anitsitsa.

"Taonani makwinya, mwana iwe sukanandiuza ndidzoleko mafuta?" Kenako anatembenukira kwa amuna awo. "Bambo, ndikufunseni. Manyazi anuwa ndi a matendawa, kapena ndi a dzanja langali?"

Mayiwo anapitiriza.

"Ngakhale mneneri uja paphiri, manja atamulemera, ena anamugwirira kufikira dzuwa litalowa. Simuyimba nawo zimenezi kutchalitchi? Ine ndinalonjeza kuti pamatenda ndidzakhalapo. Mufuna ndizikhalapo mobisala ngati mbala?"

Mkuluyo anatulutsa manja ake onjenjemerawo naphimba nawo nkhope, mapewa akugwedezeka. Mwana wawo, mwamuna wa Nakamera uja, amene anaima pakhomo, anayang'ana pansi.

"Mwana wanga," mkuluyo anatero kwa Nakamera, "unalakwa posapempha, usadzabwerezenso. Koma wolakwitsitsa ndine. Chiyambire matendawa, pansi pa chiboliboli chilichonse ndakhala ndikudindapo dzina langa lokha. Kachibwezere pakhoma paja. Pansi pake ukalembe mayina awiri, loyamba likhale la amayi akowa."

Mwamuna wa Nakamera anagwira mkazi wake pamkono namudzutsa, namusansa utuchi m'mawondo. Chithunzicho ananyamula ndi iyeyo, njira yonse osatha kumuyang'ana mkazi wake m'maso.

Ambuye akudalitseni inu owerenga. Pa tsiku limene mphamvu zanu zidzachepa, akupatseni wokugwirizani, ndi mtima wosachita naye manyazi. Mtendere wake ukhale pa makomo anu. Ameni.