Kuseri kwa Thanki

Chodabwitsa chinayamba ndi makosi a okalamba. Aliyense amene Melesete ankamuveka magalasi aja, olowetsamo foni ndi kumanga kumaso, ankangopotolokera kumbuyo.

Melesete ankagwira ntchito ku Brisbane, yokonza mafilimu amene munthu akavala magalasiwo amakhala ngati waima pakati pa zimene akuonazo. Filimu iyi inali ya kwawo ku Tuvalu, yoti okalamba amene anasamuka aonenso chilumba chawo. Luso lake linali lotsogolera maso a woonera: tambala alire kumanzere, nyimbo ya kutchalitchi imvekere kutsogolo. Kumbuyo kunalibe kanthu, thanki ya madzi yokha mumdima wa chisisira.

Madzulo oyamba mu holo ya mpingo, amayi ena anavula magalasi n'kutuluka osatsanzika. Madzulo otsatira kunayamba manong'onong'o akuti kuthankiko kukumveka munthu akupuma. Callum, mnzake wa ntchito, anaseka nati ndi mphepo inalowa m'maikolofoni. Anafufuta mawu onse a mbali imeneyo, koma makosi sanasiye kupotoloka.

Amalume ake a Melesete, a Lotoala, anakhala nawo magalasiwo mpaka foni inatentha. Kuyambira pamenepo anasiya kudya, ndipo madokotala sanapeze nthenda. Melesete atapita kukawaona, anamugwira dzanja.

“Amene uja ndi Pasuna,” ananong'ona. “Mwana wa mlongo wanga, unamusiyiranji kumeneko?”

Pasuna anali mchimwene wake wa Melesete, ndipo ndiye anajambula filimuyo. Poti kamera yotere imaona mbali zonse, Melesete anamuuza pafoni kuti abisale kuseri kwa thanki mpaka atamuitana. Foni inaduka asanamuitane. Sabata yomweyo Pasuna anapita kokawedza, bwato linapezeka lokha.

Tsiku lomwe a Lotoala anamwalira, Melesete anatsalira mu ofesi anzake ataweruka, navala magalasi. Mdima wa kwawo unamukuta. Mafunde ankakhuthuka pamiyala pang'onopang'ono, masamba a kokonati akukhulana pamwamba. Anatembenuka. Thanki inali pomwepo, yakuda bii, ndipo kuseri kwake wina ankapuma mosamala, ngati woopa kuwononga ntchito ya mwini. Kenako mchenga unalira, phazi litasuntha.

“Achemwali, ndituluke?”

Melesete ankafunitsitsa kumuona, koma sankadziwa kuti chotulukacho chikhala chotani chitakhala m'nyanja miyezi yonseyi. Anavula magalasi osayankha.

M'mawa anapempha kuti filimuyo isapite kulikonse. Callum anamuonetsa pakompyuta kuti pamalopo palibe mawu alionse, ndipo mabwana anali atalonjeza kale anthu a kumyuziyamu, nyumba yoonetseramo zinthu za mbiri ndi chikhalidwe.

Filimuyo ikuonetsedwabe kumeneko mpaka pano. Melesete anasiya ntchito ija, koma Loweruka lililonse amakakhala pabenchi pafupi ndi khomo, maso ali pa milomo ya oonera. Akuluakulu amapotoloka n'kukhala chete. Amene amamuopsa ndi ana, chifukwa mwana akafunsidwa amayankha.