Dothi la pa Khomo la Doña Felisa

Limbert Aruquipa anali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zinayi, wosauka ngati ife tonse, koma nsanje yake inali yoposa ya tonsefe. Ankakhala ku El Alto, kuno ku Bolivia, ndi amayi ake, Doña Felisa, ndi mlongo wake Nélida, m'nyumba ya njerwa yopanda pulasitala imene mphepo yozizira inkangodzilowera. Amayiwo ankagulitsa api, phala lotentha la chimanga chofiirira, pa benchi yoyandikana ndi yanga ku msika wa Ceja. Nkhaniyi ndinaiona ndi maso angawa, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira ndimapsa mtima.

M'mawa uliwonse Limbert ankatsikira ku La Paz kukagwira ntchito pa nyumba ina yogona alendo a zikwama zakumsana. Ankachapa zofunda ndi kutsuka zimbudzi. Alendowo anali amsinkhu wake, a tsitsi losapesa ndi nsapato zafumbi, onyinyirika ndi mtengo wa supu, koma mapasipoti awo ali odzaza ndi zidindo. Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti iwo ankakana zoti ndi olemera.

"M'bale wanga, n'zosavuta," anamuuza wina tsiku lina. "Umathyola zipatso miyezi itatu, n'kuyenda chaka chonse. Zikatha, umagwiranso ganyu kwina."

Limbert anali atayesapo kale. Anapita ku Chile kukathyola matcheri, mvula inaononga zipatso, ndipo anamuchotsa ntchito patangotha milungu iwiri. Anabwera ndi chifuwa basi.

Pa 24 Januwale, ku msika wa Alasitas, tonse timagula tizinthu tating'ono tofanana ndi zimene tikulakalaka, kaya kanyumba, kaya kagalimoto, n'kupita nato kwa yatiri, sing'anga wa kwathu kuno, kuti atifukizire lubani dzuwa lili paliwombo. Tikatero timabwerera kuntchito, poti tikudziwa kuti kanyumba kachidole sikamanga nyumba kokha. Limbert anagula kachikwama kakumsana zaka zitatu zotsatizana, osaona kanthu. Chaka chachinayi analambalala mzere wa lubani, n'kulowera kuseri kwa mabenchi, kumene kunkakhala Don Tiburcio, nkhalamba imene asing'anga enieni sankaipatsa moni.

"Wabwera ndi kachikwama," anatero Don Tiburcio osakweza n'komwe maso. "Onse a tizikwama amafuna chinthu chimodzi. Kuchoka."

"Ndikufuna kuyenda, bambo. Kulikonse kumene ndafika, ntchito izindipeza yokha, ya malipiro onona. Ndatopa kutsuka zimbudzi za anthu amene akuona dziko."

"Lubani wakutsogoloko sanakuthandize?"

"Utsi wokhawokha."

Nkhalambayo inaseka, mano ali obiriwira ndi masamba a koka amene ankatafuna. "Utsi ndi wotchipa. Bweza ndalamayo m'thumba, sindiifuna. Amayi ako alipo?"

"Alipo. Koma amayi musawakhudze."

"Wati akhudzidwa ndani? Magazi ine sindigwira. Upite ukapale dothi pa khomo pawo, pamene amaponda akamatuluka m'mawa. Ulimange mfundo zisanu ndi ziwiri m'tinsanza ta nsalu imene anakuberekera uli khanda. Malire aliwonse amene udutsa, mfundo imodzi ndi ya msewu. Ntchito uipeza tsiku lomwelo."

"Nanga kunyumba?"

"Chikwama cha woyenda chimafuna kupepuka. Mfundo ikapita, kwanu kwapepukako pang'ono. Ukabwerera ndi imodzi yotsala, n'kuikhuthulira pa khomo pomwepo, zonse zibwerera m'malo mwake. Zikathera panjira zonse, ulibenso kwanu."

"Ndiziwerenga bwino."

"Onse amatero. Malire aliwonse, mnyamata. Wamva?"

Munthu wa mutu wake akanathawa osacheuka. Iye ayi. Anafika kunyumba, n'kutenga sizasi, n'kudula nsalu imene mayi anaisunga zaka zonsezo pansi pa bokosi. M'mawa mwake Doña Felisa anamupeza atagwada pa khomo akupala pansi ndi sipuni.

"Ukufuna chiyani pansipo, mwana wanga?"

"Ndagwetsa batani, amayi."

Mayi wosadziwa kanthu anagwada naye n'kumamuthandiza kufuna batanilo. Tsiku lonyamuka anamukulungira mbatata zouma ndi tchizi, n'kumuperekeza ku depoti akulira.

Pa malire a Chile anamasula mfundo yoyamba, mphepo n'kutenga dothilo. Asanatsike bwino basi, mwini munda wina anamukodola n'kumuika kukhala kapitawo wa othyola matcheri. Miyezi iwiri yokha inamukwanira kugula chikwama chenicheni, nsapato zolimba ndi foni yatsopano. Sabata lomwe anachokalo, galu wake Chato anasamukira kwa aneba, ndipo Nélida akayanika malaya a Limbert galuyo ankawauwa.

Mfundo yachiwiri inapita pa malire a Argentina, kumene anakolola mphesa ku Mendoza. Kuno kunyumba khoma la chipinda chake linang'aluka n'kugwa masana, kopanda mvula, kopanda chivomezi. Yachitatu inapita polowa mu Brazil, kumene ankagulitsa zakumwa m'mbali mwa nyanja, alendo n'kumamuunjikira ndalama zoyamikira. Apo Doña Felisa anayamba kuthira mchere m'phala m'malo mwa shuga, ndipo makasitomala a zaka zambiri anasamukira ku benchi yanga. Ndinkawagulitsa mutu uli pansi ndi manyazi.

Atadutsa malire a Uruguay, mfundo yachinayi n'kupita, mayiyo anandikoka mkono tsiku lina n'kundinong'oneza, "Mnzanga, usandiseke. Kodi ine ndili ndi ana angati?"

Mfundo yachisanu inamubwezera ku Argentina, ku Bariloche, kumene mwini nyumba ina ya alendo anamupatsa makiyi onse tsiku lomwe anafika. Tsopano ndiye ankalamula ena kutsuka zimbudzi. Kuno Doña Felisa anasiya geni. Ankangosesa pa khomo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akunena kuti pali chinachake chasowa pamenepo. Nélida anaimbira foni Limbert ine ndili pompo.

"Iwe galu iwe, zithunzi zako za m'mapiri taziona. Amayi akusesa pa khomo mpaka m'manja mwatuluka matuza."

"Ndatumiza ndalama sabata latha, Nélida. Apite nazo kuchipatala."

"Kuchipatala tapita katatu, akuti alibe matenda. Dzulo ndawaonetsa chithunzi chako, andifunsa ngati ndiwe uja wowerenga mita ya magetsi. Bwera kuno!"

"Nyengo ya alendo ikatha ndibwera. Ndikudziwa chimene ndikuchita. Ndikangofika, zonse zibwerera."

"Zibwerera zichani? Wachita chiyani, Limbert?"

Anadula foni. Apa ndi pamene ndimalephera kumukhululukira. Ankadziwa. Sanali mwana wopusitsidwa, ankadziwa bwinobwino chimene chikudya amayi ake, ndipo anakhala pansi n'kuwerenga kuti angapirire miyezi ina ingati. Zinatsala mfundo ziwiri: imodzi ya malire a Bolivia, imodzi ya pa khomo. Iye ankadziona ngati wochenjera.

Koma chidindo cha mlendo chimatha pakapita masiku makumi asanu ndi anayi, ndipo chake chinatha pakati penipeni pa nyengo ya chipale chofewa, alendo atadzaza nyumba, ndalama zikulowa ngati madzi a pampopi. Akanatha kukwera basi ya kwawo tsiku lomwelo. M'malo mwake anadandaulira anzake a zikwama amene ankagwira ganyu pamenepo.

"Ukuda nkhawa ndi zimenezo?" anaseka mmodzi. "Tonse timatero, amwene. Ukwera basi kupita ku Osorno, ku Chile, udya nsomba, ugona, mawa lake wabwerera ndi chidindo chatsopano. Si ulendo umenewo, n'kungotuluka panja n'kulowanso."

Limbert anakumbukira mawu a nkhalamba ija, koma dyera linamupezera nzeru. Anati kachikwama kachidole kaja, kamene ankasungamo mfundozo, akakasiya, osadutsa nako malire, msewu sudziwa. Anakatsekera m'kabati, kiyi n'kuika m'khosi. Anapita ku Osorno, anadya nsomba, anajambulitsa chithunzi, n'kubwerera akuimba mluzu. Atatsegula kabati anapeza loko ali bwinobwino, kachikwama kali pomwe anakasiya. M'kati munali tinsanza tiwiri tomasuka, toyera ngati tochapidwa kumene. Kutuluka kunadya imodzi, kulowa kunadya inayo.

Anasiya zonse, makiyi ali patebulo, n'kukwera basi masiku atatu osagona. Anafika ku El Alto masana. Ine ndinali komweko, ndinapita kukazonda mnzanga, poti Nélida anandiuza kuti mwadzidzidzi amayi aika tsache pansi ndipo akupeza bwino. Tinali titakhala pa khomo tikusenda mbatata pamene anatulukira ndi chikwama chake chachikulu kumsana, ndevu zili nyankhalala. Doña Felisa anamuyang'ana mwachifundo.

"Nélida, kwabwera mlendo wa chikwama. Muuze kuti kuno kulibe malo ogona, atsikire kumunsi."

"Amayi, ndine Limbert."

"Limbert? Dzina lokoma. Ndikanakhala ndi mwana wamwamuna ndikanamutcha lomwelo."

"Amayi, ndine mwana wanu! Munandiberekera kumsana, nsalu yake iyi!"

Anatulutsa tinsanza tija. Mayiyo anangopukusa mutu. "Wazizidwa, wosauka iwe. Amayi ako ali kuti? Uziwaimbira foni, mwana wa eni. Mayi sagona mwana akakhala kutali."

Limbert anayesa kulowa m'nyumba. Phazi linafika pa khomo n'kukana, miyendo n'kumutembenuzira ku msewu. Anayesa kachiwiri, kachitatu, thukuta lili kamukamu m'mphepo yozizira ija. Kenako anagwada n'kuyamba kupala pansi ndi zikhadabo. Nélida anaona tinsanzato, anaona dzenje laling'ono limene amayi ankasesa miyezi yonse ija, ndipo sanafunsenso. Iye yekha sanamuiwale, ndipo zinakhala bwino choncho, poti panafunika wina womuuza.

"Unagulitsa amayi kuti ukajambulitse m'mbali mwa nyanja? Choka! Amayi ali ndi mwana mmodzi, ndipo mwanayo ndine."

Analowetsa amayi m'nyumba n'kutseka chitseko. Chato anadumpha mpanda wa aneba n'kumuthamangitsa mpaka pa ngodya ya msewu.

Don Tiburcio sanapezekenso ku Alasitas, ngakhale Limbert anamufuna kuseri kwa benchi iliyonse. Ndalama zija zinathera m'matikiti a basi, poti sangathe kugona kawiri malo amodzi, miyendo imayamba yokha kuyenda. Lero ali pa depoti ya El Alto, wopanda nsapato, chikwama chili chodzaza ndi dothi limene amapala pa makomo a anthu n'kulimanga m'tinsanza. Amawerenga mpaka zisanu, n'kuyambiranso. Alendo a zikwama amamujambula.

Doña Felisa anabwerera pa benchi yake, ndipo phala lake likukomanso ngati kale. Nthawi zina Limbert amadutsa pa Ceja n'kuima chapatali. Mayiyo amamuthirira kapu yodzaza, yaulere, monga amachitira ndi wamisala aliyense, n'kundiuza, "Taona mnzanga, mnyamata wabwinobwino. Kaya mayi ake ali kuti." Ine ndimangoyang'ana m'poto wanga.

Inu achinyamata amene mitima yanu ili ku depoti, kuyenda sikulakwa, ndipo ganyu wa kunja sanaphepo munthu. Thyolani zipatso, tsukani mbale, sungani pang'onopang'ono, mupite mukabwere. Koma dyera lofuna zonse lero, popanda thukuta, limalipiritsa anthu amene sanapite nawo kwa sing'anga. Wina akakuuzani kuti ndalama yanu saifuna, dziwani kuti waona chinthu china chimene simungadzachigulenso. Limbert anaona maiko anayi, ndipo amayi ake amamupatsa phala ngati mlendo.